Loko ikagwidwa ndi chisanu ku Joni, moto ndi madzi owira zisiyeni

Nyengo yozizira ikafika nkhani ya maloko imabweranso. Ife amene timayenda njira ya Durban, Johannesburg, Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza tikudziwa kuti June ndi July wa ku Joni ndi wosiyana ndi wa kwathu. Ku Dedza kumazizira ndithu, koma kiyi amalowa pachitseko bwinobwino. Ku Harrismith, Bethlehem ndi Bloemfontein usiku kuzizira kumatsika kupitirira 0°C, madzi n'kusanduka ayezi. Johannesburg yeniyeniyo ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, n'chifukwa chake m'mawa mumapeza galasi la thiraki layera mbuu. Ndipo musamati September akafika zatha. Mu September 2024 chipale chofewa chinatseka msewu wa N3 cha ku Van Reenen's Pass, magalimoto ambirimbiri anagona pamsewu, munthu mpaka anamwalira ndi kuzizira.

Maganizo athu ndi akuti chisanu pachokha sichiwononga zambiri. Zimene zimathyola kiyi, kung'amba labala wa chitseko ndi kuotcha anthu ndi changu cha m'mawa, dalaivala atachedwa kale, foni ikungolira. Vutoli limathetsedwa madzulo musanagone, ndipo udindo wake si wa dalaivala yekha.

Tiyambe ndi chimene chimachitika mkatimo. Mu loko muli timapini ndi timasipuling'i tating'ono kwambiri. Madzi a mame, a mvula kapena otsukira galimoto akalowamo n'kuundana, timapini tija sitisuntha. Madzi akasanduka ayezi amafufuma pafupifupi 9 peresenti, ndiye amadzaza kampata konse. Kiyi atha kulowa koma osatembenuka. Mukakakamiza, chimene chimagonja ndi kiyi, chifukwa chitsulo chake n'chofewa. Chidutswa chikatsalira mkati, nkhani ya mphindi khumi yasanduka ya tsiku lonse, mukusaka wokonza maloko m'dziko la eni, kulipira kwake ndi ma rand.

Ku thanki kuli vuto lake lake. Chifukwa cha akuba dizilo, ambirife timaika loko pachitsekerero kapena kumangapo padiloko. Malo amenewo ali panja, mawiro amawazapo madzi ndi matope tsiku lonse, choncho ndi amene amayamba kugwidwa. Palinso kabowo kopumira pa thanki. Ayezi akakatseka, mpweya sulowa pamene dizilo akutuluka, injini imayamba kufooka ngati fyuluta yatsekeka.

Tsono zimene tikukana ndi ziwiri. Choyamba ndi moto. Laita, kandulo kapena nyuzipepala yoyaka zisayandikire pakamwa pa thanki. Nthunzi ya petulo imayaka ngakhale kutazizira chotani, ndipo pa truck stop simudziwa zimene thiraki yoima pambali panu yanyamula. Ena amati dizilo sayaka msanga. N'zoona kuti ndi wovuta kuyaka kusiyana ndi petulo, koma pakamwa pa thanki pamakhala mafuta otayikira, nsanza ndi labala, ndipo mkati muli malita mazanamazana. Kuotcha kiyi pamoto nakonso n'koopsa pa magalimoto a masiku ano, chifukwa m'mutu wa pulasitiki wa kiyi muli kachipangizo kamene kamalola injini kulira. Kakapsa, chitseko mutsekula koma galimoto siliza.

Chachiwiri ndi madzi owira a m'ketulo. Amasungunuladi ayezi nthawi yomweyo, n'chifukwa chake anthu amawakonda. Koma madziwo amalowa mu loko, usiku wotsatira n'kuundana kuposa poyamba. Akagwera pagalasi lozizira, makamaka lokhala ndi kamng'alu ka mwala, galasi limasweka. Pa thanki, madzi akatsikira mu dizilo amakawononga pampu ndi ma injector, zinthu zodula kuposa phindu la ulendo wonse.

Nanga titani loko ikakana? Yesani kaye chitseko cha mbali inayo, nthawi zambiri mbali imene mphepo sinawombe imakhala bwino. Pakani kiyi sanitaiza wa m'manja uja tinazolowera nthawi ya Covid-19, mulowetse ndi kutulutsa pang'onopang'ono kangapo. Sipiriti amene ali mu sanitaiza amasungunula ayezi. Thirani madzi ofunda m'botolo la pulasitiki, mutseke bwino, muligunditse pa loko kapena pachitsekerero cha thanki kwa mphindi zingapo. Kutentha kumalowa koma madzi salowa. Ngati loko yatseguka koma chitseko chamatirira pa labala, chikankhireni mkati ndi chikhatho kuzungulira m'mbali kuti ayezi asweke, kenako mukoke modekha. Osapumira mpweya wa m'kamwa mu loko, muli chinyontho chimene chimakaundananso. Zonse zikakanika, dikirani dzuwa. Kumeneko nyengo yozizira kumwamba kumakhala koyera masiku ambiri, dzuwa likangokwera ayezi amasungunuka yekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito yeniyeni ndi ya madzulo. Musatsukitse thiraki dzuwa litapendeka ngati mugona ku Free State kapena ku Gauteng. Pukutani labala wa zitseko ndi kupoperapo silicone. Mu maloko thirani ufa wa graphite. Q20 kapena WD-40 amathandiza kuthamangitsa madzi, koma musachulutse chifukwa amakoka fumbi, ndipo musaphatikize ndi graphite mu loko imodzi, zimapanga phala. Padiloko ya pa thanki ndi ya kumbuyo kwa kontena muivale kajumbo n'kumanga ndi labala. Dzazani thanki musanagone, chifukwa thanki yopanda kanthu imachita thukuta mkati. Tulutsani madzi m'mathanki a mpweya wa mabuleki, nawonso amaundana. Batire la rimoti limafooka kukazizira, sungani lina. Ndipo sanitaiza akhale m'thumba la jekete, chifukwa akakhala mu kebini yokhoma sangakuthandizeni muli panja.

Ena anena kuti izi n'zochulutsa, masiku a ayezi ndi ochepa pachaka. Tikuvomera kuti ndi ochepa. Koma tsiku limodzi lokha likwanira kukutayitsani malo pamzere wa Beitbridge, ndipo katundu wa anthu makumi angapo amachedwa limodzi ndi thirakiyo. Ambiri mwa amayi a geni anatenga ndalama ku banki m'khonde, tsiku lobweza silisuntha chifukwa kiyi wathyoka ku Harrismith.

N'chifukwa chake tikupempha mabwana eni mathiraki kuti zinthu zimenezi azigula okha, pamodzi ndi kiyi wapadera wa chitseko ndi wa thanki, m'malo moyembekeza kuti dalaivala achotse pa ndalama yake ya chakudya. Kwa inu anzathu a maoda, dalaivala akakuuzani 5 koloko m'mawa kuti loko yagwidwa akudikira dzuwa, musamuthire mafoni ngati wagona dala. Maola awiri amenewo akuteteza katundu wanu yemwe. Ndipo inu madalaivala akale, wachinyamata amene akukwera N3 koyamba nyengo ino mumuuze zimenezi musananyamuke pa depoti, chifukwa kwathu sanazionepo.

Amene muli ndi njira zina zimene munaziyesa zikagwira, lembani m'munsimu anzathu aphunzire. Muyende bwino, mukafike ndi katundu yense.