Tsono mwanayo afunse yani?

Pa chinkhoswe china ku Zomba, mkulu wina anafunsa mtsikana wa chaka choyamba ku yunivesite kuti akuphunzira zoti adzakhale ndani. Mwanayo anayankha mwaulemu kuti sanasankhebe phunziro loti akhazikikepo. Mkuluyo anapukusa mutu: "Ndiye fizi yonseyi makolo ako akungotaya?" Anthu anaseka. Ine zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Mwanayo sanalakwe kanthu. Ku University of Malawi, wotenga digiri ya Humanities kapena Social Science amayamba ndi maphunziro angapo, n'kudzasankha lake pambuyo pake. Ku America ndiye n'chizolowezi: mayunivesite ambiri amalola wophunzira kufika kumapeto kwa chaka chachiwiri asanasankhe, ndipo ku Brown University, kuyambira 1969, wophunzira amadzisankhira yekha makalasi. Koma kumeneko samusiya yekha. Amamupatsa mlangizi woti akhale naye pansi, aone magiredi ake, amve zomwe mtima wake ukufuna, amuchenjeze kuti akataya masamu pano, maphunziro a zachuma adzamukanika kutsogolo. Alangiziwo ali ndi bungwe lawolawo, NACADA.

Kuno timakonda kunena kuti safunsa anadya phula, ndipo mwambiwu ine ndimaukonda. Tsono mwanayo afunse yani? Lekichala kalasi yamudzadzira, mapepala oti achonge ali mulu. Mwana amakathera kwa anzake ku hositelo, omwe amamuuza kuti phunziro lakuti n'lophweka, lakuti mphunzitsi wake ngouma mtima. Tsogolo la munthu kumangidwa pa mphekesera!

Nonse mukudziwa kuti vutoli limayambira kusekondale. Mwana wa pa CDSS yakumudzi akakhoza MSCE amadzaza fomu ya NCHE, n'kumasankha mapulogalamu omwe ngakhale mayina ake sanawamvepo. Ife makolo ndiye timangodziwa ntchito zitatu: udokotala, uloya ndi uinjiniya. Mwana akati akufuna zaulimi ku LUANAR, kapena uphunzitsi, timamuyang'ana ngati walephera, chonsecho dziko lino limadya kuchokera m'munda ndipo ana m'sukulu zathu akuchulukira aphunzitsi.

Yunivesite iliyonse ipatse wophunzira wa chaka choyamba mlangizi wodziwika dzina, wokhala ndi ofesi komanso ola lake pa sabata. Ntchitoyo ilembedwe ngati ntchito, ndipo woigwirayo amuchepetsereko makalasi.