Citupa ca Mlimi Si Malonda

Makampani a lamya a Airtel, MTN ndi Zamtel akhala akulimbirana anthu m'dziko la Zambia kwa zaka zambiri, ndipo mu 2023 Starlink nayo inalowa ndi intaneti ya setilaiti. Mpikisano wotere ngwabwino. Ndiwo wafikitsa timashopu totumizira ndalama ku Petauke, ku Nyimba, mpaka kwa Mfumu Ndake.

Koma mlimi aliyense wogula simu amapereka nambala ya citupa cake ca NRC. Kodi imakathera kuti? Nanga mbala zotumiza mauthenga onama opempha ndalama zimaipeza bwanji nambala ya nkhalamba ya kumudzi?

Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021 likuti zotere zisungidwe bwino, ndipo zigwire nchito yokhayo imene zinatengedwera. Lamuloli silisankha nkhope. Kampani yakunja, kampani ya Boma ndi mnyamata wolembetsa masimu pamsika, onse aweruzidwe mofanana, ndipo a ZICTA asagone.

Atsogoleri a nthambi aphunzitse anthu pamisonkhano kuti citupa sicisiyidwa m'manja mwa wina, ndipo nambala yacinsinsi ya foni sauza munthu, ngakhale mphwake weniweni.