Ng'ombe nayo imamva kuwawa, koma jekeseni yogoneka si ya munthu aliyense

Amene anakulila kumudzi ku Katete, Sinda kapena Vubwi amadziŵa mmene timafulila nkhunzi: amuna anayi, cingwe, mpeni, basi. Nkhumba imalila mpaka mudzi wonse kumva, ife n'kumati "ni nyama cabe". Ine ndikukana. Ng'ombe imene idzakulimilani munda mu Novembala ndi kukoka ngolo ya cimanga siyenela kuvutika conco pamene mankhwala alipo.

Mankhwalawo ni osiyana. Lignocaine amacititsa dzanzi pamalo pomwe afuna kuceka, ciweto cili maso. Xylazine amafooketsa ciweto mpaka kugona pansi. Ketamine amagoneka kothelatu, ndipo madokotala a ziweto amamuphatikiza ndi mankhwala ena pocita opaleshoni agalu ndi amphaka.

Koma abale anga, musathamangile kukafuna botolo kuti muzilasa nokha. Xylazine ni woopsa kwa ng'ombe: mlingo wokwanila hachi ungaiphe, cifukwa ng'ombe imafuna wocepa pafupifupi kakhumi. Ikagona itakhuta, mimba imatupa, ndipo zakudya zingabwelele n'kuloŵa m'mapapo. Ng'ombe ya bele lalikulu ingathe kupoloza. Palinso masiku oyembekeza musanamwe mkaka wake kapena kudya nyama yake. Munthu akadzilasa mwangozi, mtima umagunda pang'onopang'ono ndipo kupuma kumavuta. Ku America, mu 2023 boma linalengeza kuti xylazine wosakaniza ndi fentanyl ni ciwopsezo ku dziko. N'cifukwa cake ZAMRA iyenela kuyang'anitsitsa amene akugulitsa mankhwala a ziweto m'mashopu ndi m'misika.

Vuto lenileni ni mtunda. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma mu 2012, koma mlimi wa kufupi ndi malile a Mozambique amaonabe kuti wa vetenale ali kutali. Ng'ombe ikalephela kubeleka usiku, adzaitana ndani? Pempho langa ku boma ni lakuti wa vetenale aliyense wa pa kampu akhale ndi njinga yamoto, mafuta, Burdizzo ndi lignocaine.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Tizifula ana a ng'ombe akali aang'ono, pamene cilonda cimapola msanga. Tizisonkhana pa dipi tsiku limodzi, tisonkhe ndalama ya mafuta, katswili abwele kamodzi athandize mudzi wonse. Ndalamayo ni yocepa poyelekeza ndi ng'ombe yofa mvula itayandikila.