Wa Maso Kapena wa Makutu? Funso Limene Likusokeretsa Ophunzira

Chaka chatha msuweni wanga, amene ankakonzekera mayeso a MSCE, anabwera kunyumba ndi kapepala. Pasukulu ina ya maphunziro oonjezera kumayadi kuno ku Lilongwe anawapatsa mafunso oti ayankhe, ndipo zotsatira zake zinati iye ndi "wophunzira ndi maso". Kuyambira tsiku limenelo anasiya kupita kugulu la anzake lokambirana Biology, ati kumvetsera sikumuthandiza. Ankangodzitsekera kuchipinda n'kumakongoletsa notsi ndi zolembera za mitundumitundu. Kope lake linali lowala ngati chitenje chatsopano, koma nditamufunsa ntchito ya impso kopelo lili chitsekere, anangoti kukamwa yasa.

Maganizo anga ndi akuti kugawa ophunzira m'magulu a maso, makutu ndi manja kukuononga kwambiri kuposa kuthandiza. Chimene chimachititsa kuti munthu akumbukire si khomo limene mfundo yalowera, koma zimene iye wachita nayo mfundoyo italowa.

Ganizo la magulu amenewa linatchuka ndi mphunzitsi wa ku New Zealand, Neil Fleming, amene mu 1987 anakonza mafunso otchedwa VARK. Iye anati ena amakonda kuona, ena kumva, ena kuwerenga ndi kulemba, ndipo ena kugwira ndi kuchita. Zoti anthu amakonda njira zosiyanasiyana palibe angatsutse. Vuto lili pa mfundo yotsatira, yakuti munthu akaphunzitsidwa m'njira imene amakonda ndiye kuti akumbukira bwino. Mu 2008 akatswiri 4 a kaganizidwe ka munthu, Harold Pashler, Mark McDaniel, Doug Rohrer ndi Robert Bjork, anaunika kafukufuku wa nkhaniyi. Anafuna umboni woti ophunzira agawidwe m'magulu awo, aphunzitsidwe m'njira zosiyana, kenaka alembe mayeso amodzi. Anapeza kuti ofufuza ochepa okha ndiwo anayesa motero, ndipo umboni wokwanira woikira kumbuyo ganizoli panalibe. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ife a zinenero sitiyenera kudabwa nazo. Mawu akuti "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika timawalemba chimodzimodzi, koma amasiyana pa kakwezedwe ka liwu. Mlendo wophunzira Chichewa, ngakhale atadzitcha wa maso chotani, ayenera kutchera khutu kuti amve kusiyanako. Chimodzimodzinso mzinda wathuwu. Manambala a ma Area satsatana ndi malo ake, moti Area 43 ili pafupi ndi Area 10. Wobwera kumene amaudziwa mzindawu poona mapu ndi kuuyenda, osati pomvetsera manambala. Phunziro ndilo limasankha njira, osati mtundu wa munthu.

Nanga chimene chimasunga zinthu m'mutu n'chiyani? Tsikirani kumsika waukulu ku Old Town. Mayi wogulitsa usipa amadziwa amene anatenga pangongole Lolemba, amene analipira theka, ndi amene wayamba kuzemba podutsa njira ina, zonsezi popanda kope. Sikuti mayiyu ndi wa makutu kapena wa maso ayi. Tsiku lililonse, akaona nkhope ya wangongole, amafukula yekha chiwerengerocho m'mutu, ndipo akaiwala ndiye kuti ana agona ndi njala. Amakumbukira chifukwa amadzifunsa kawirikawiri, masiku osiyanasiyana, pa chinthu chimene chili ndi tanthauzo kwa iye.

Ofufuza anapeza zomwezi. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti zambiri zimene taloweza zimathawa m'maola oyambirira, ndiponso kuti kubwereza kogawidwa m'masiku angapo kumaposa kubwereza kounjika tsiku limodzi. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenga mobwereza, ena anaitseka n'kulemba zimene akukumbukira. Patapita mphindi 5, owerenga mobwerezawo ndiwo anakhoza bwino. Koma patatha sabata imodzi zinthu zinatembenuka: odzifunsa aja anakumbukira zambiri.

Apa ndi pamene pagona msampha. Kuwerenga mobwereza kumakoma chifukwa tsamba limaoneka lodziwika, ndipo timaganiza kuti tadziwa. Kudzifunsa kumawawa chifukwa kumatiululira umbuli wathu. Pitani kulaibulale ya National Library Service ku City Centre mayeso akayandikira, mukaone mitu itaweramira mabuku kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndi angati amene amatseka buku n'kuyesa kufotokoza zimene awerenga? Inenso chaka changa choyamba ndinkatero, ndipo malamulo a magulu a mayina amene ndinkaloweza usiku wonse ankasanduka nthunzi mayeso akangotha.

Wina anganene kuti ganizo la magulu lilibe vuto, popeza limalimbikitsa aphunzitsi kusinthasintha kaphunzitsidwe. Kusinthasinthako n'kwabwino, ndipo kumathandiza kalasi yonse. N'zoonanso kuti wophunzira wosaona amafunika zilembo za Braille, ndipo wosamva amafunika chinenero cha manja; kumeneko n'kusiyana kwenikweni koyenera kulemekezedwa. Koma kuuza mwana wakumva bwinobwino kuti makutu si ake n'kumutsekera khomo limene linali lotsekula. Kumamupatsanso pothawira akalephera: "Aphunzitsi sanajambule chithunzi." Komanso kumapweteka mwana wa ku Kawale kapena ku Mchesi, amene angayambe kukhulupirira kuti popanda kompyuta ndi mavidiyo a ana a kumayadi sangakhoze. Pamene njira imene umboni ukuikira kumbuyo sifuna ndalama: kutseka buku, kudzifunsa, kuona pamene walakwa, ndi kubwerezanso mawa ndi mkuja.

Makolo athu ankazidziwa izi. Pofotokoza nthano, agogo sankalola kuti tingokhala duu. Tinkavomera, tinkaimba nawo nyimbo ya m'nthanomo, ndipo usiku wina ankati, "Lero fotokoza ndiwe." Mwambi ankauponya kuti tiumasulire tokha. N'chifukwa chake nthano za kalulu tikuzikumbukirabe, pamene notsi za teremu yatha zinapita ndi mphepo.

Choncho pempho langa kwa aphunzitsi athu ndi lakuti phunziro lililonse liziyamba ndi mafunso ochepa a zimene tinaphunzira sabata yatha, opanda malikisi, mabuku ali chitsekere. Kwa ophunzira anzanga ndikuti tisiye kufunsana kuti ndife a gulu liti, tizifunsana zimene tawerenga. Msuweni wanga uja ndinamubwezera kugulu la anzake, ndipo madzulo alionse ndinkamulanda kope n'kumuuza kuti andiphunzitse. Sabata yoyamba ankakwiya. Pofika sabata yachitatu anandifotokozera mmene impso zimasefera magazi uku akutsuka mbale.