MKWIYO WANU WAKWERA NDEGE KUPITA KU DISNEY, NANGA ANA A KU PHALOMBE MWAWASIYIRA NDANI?

 Pezani pokhala, lero uthenga ndi wautali ndipo mankhwala ake ndi owawa.

Masiku ano m'magulu a WhatsApp a mipingo mukuzungulira timavidiyo ta ku Disney. Tikuonetsa tianyamata titavekedwa diresi ya mwana wamkazi wa mfumu, princess wa m'makatuni uja, kumutu kachisoti konyezimira, kumaso ataphodedwa. Pansi pake Akhristu kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti dziko latha, moto utsike, ena mpaka kutukwana kamwanako ndi mayi ake. Kenako mukunditumizira ine kuti abusa lankhulanipo. Chabwino, ndilankhulapo. Koma musathawe pakati pa uthenga.

Poyamba tidziwe chimene tikukamba, chifukwa ambiri mwakwiya ndi chinthu chimene simukuchidziwa. Disney ndi kampani ya ku America yopanga mafilimu a makatuni. Ili ndi malo akuluakulu a zisangalalo kumene anthu amalipira pageti kuti akakwere zozungulirazungulira ndi kukajambulitsa ndi anthu ovala ngati a m'makatuni. Malo oyamba, Disneyland, anatsegulidwa mu 1955 ku California. Ena anatsegulidwa mu 1971 kufupi ndi Orlando ku Florida, ena mu 1992 kufupi ndi Paris ku France. M'malo a ku America aja muli saluni ya ana yotchedwa Bibbidi Bobbidi Boutique, dzina lochokera m'filimu ya Cinderella ya 1950. Imalandira ana a zaka 3 mpaka 12. Kholo limalipira, mwana amamukhazika pampando, kumukonza tsitsi, kumupenta zikhadabo, kumuwaza zonyezimira, ndipo ndalama zikakhalapo amamuveka diresi ndi chisoti. Anyamata ali ndi zawonso: kuwakonza tsitsi n'kuwapatsa lupanga ndi chishango zoseweretsa kuti aoneke ngati msilikali wa mfumu.

Mkangano unamveka kwambiri mu 2017. Mayi wina wa ku UK anafuna kulipirira mwana wake wamwamuna wa zaka 3 kuti akamuveke ngati princess ku Disneyland Paris. Anamukaniza poti ndi mnyamata. Mayiyo anadandaula poyera, nkhani inafala, kampani inapepesa n'kunena kuti zimenezi ndi za ana onse, anyamata ndi atsikana omwe. Mu 2022 anasinthanso dzina la antchito a mu saluni ya ku America ija kuti amuna nawonso azigwiramo ntchito. Nkhani yonse ndi imeneyi. Mtengo wake? Kumukongoletsa mwana mmodzi ngati princess kumayambira pa madola pafupifupi 100, osawerengera tikiti ya pageti. Pa mtengo wa ku banki, madola 100 ndi ndalama zoposa K170,000. Ola limodzi pampando wa saluni, madzulo zophodazo azichapa ndi sopo.

Mukandifunsa kuti nanga inu abusa mukuti bwanji, yankho langa silibisika. Mwana wanga wamwamuna sindingamupititse kumeneko. Zimene Genesis 1 amaphunzitsa pa kulengedwa kwa mwamuna ndi mkazi ndimazikhulupirira, ndipo Deuteronomo 22:5 ndimaidziwa, musavutike kunditumiziranso. Koma mvetsani bwino: ngakhale mwana wanga wamkazi sindingamupititse. Katundu amene akugulitsidwa mu saluni imeneyo ndi mmodzi kwa onse. Akuuza mwana wa zaka 4 kuti ulemerero umagulidwa pakauntala, kuti mmene Mulungu anamulengera sanakwane mpaka amuwaze zonyezimira. Wamalonda safunsa ngati ndiwe mnyamata kapena mtsikana, iye amayang'ana m'thumba mwa bambo ako. Khomo likatsegukira anyamata ndiye kuti olipira awonjezeka, basi.

Koma inu amene mukutemberera kamwana, ndinu ophunzira a Yesu uti? Pa Luka 9, Yakobo ndi Yohane atafuna kuitanitsa moto pa mudzi wa Asamariya, Ambuye anawadzudzula iwowo. Kamwana ka zaka 3 kamadziwa chiyani? Tonsefe tinakulira m'masanje. Ndani sanaonepo kamnyamata katamanga duku ya amayi ake, kataberekera chitsononkho kumbuyo ngati mwana? Agogo ankangoseka, mawa lake kamwanako kali kubusa ndi legeni m'khosi. Pa sewero la Khirisimasi atsikana akachepa, mnyamata amamanga chitenje n'kukhala mayi, tchalitchi chonse kufa ndi phwete. Panalibe anaitanitsa moto. Lero poti mwaona pa foni, mwasanduka aneneri a chiweruzo pa mwana amene dzina lake simulidziwa.

Tsopano tsikani mundegemo, bwerani kuno kwathu. Apa ndi pamene ena muyambe kundida.

Ife a Phalombe timaveka ana zovala zosayenera msinkhu wawo tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amalemba kuti dziko latha.

Ndiyambe ndi m'tchalitchi momwe. Tikafuna ndalama za malata kapena simenti timakonza ukwati wongoyerekeza, uja timati mock wedding. Timatenga kamtsikana ka Sitandade 3, kukaveka diresi yoyera ndi velo, kukapaka milomo, kukakhazika pambali pa kamnyamata ka suti, anthu kuvina perekaniperekani, ndalama kugwa m'lichero. Ndiuzeni, kusiyana kwake ndi saluni ya Disney kuli pati? Kumeneko amaphoda mwana kuti apeze madola, ife timaphoda mwana kuti tipeze makwacha, ndiye timawonjezera ndi pemphero. Kamtsikanako kaphunzirapo chiyani? Kaphunzira kuti tsiku lokhalo limene mudzi wonse umakaombera m'manja ndi tsiku limene kavala velo. Tsiku limene kanakhala nambala wani m'kalasi, amene anavina ndani?

Ndiye pali ukwati weniweni, wopanda kuyerekeza. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 m'Malawi muno, 42 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Amenewa si ana a ku California. Ndi ana athu, ena mwa iwo tinawadalitsa tokha paguwa ali makanda. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu February 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti khomo la kukwatitsa mwana ndi chilolezo cha makolo litsekeke. Lamulo lilipo. Ku Dedza, Inkosi Kachindamoto, mayi, anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo kusukulu. Nanga ife odzazidwa ndi Mzimu, olankhula malilime, tathetsa angati?

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anatigwetsera matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, monga napolo anachitira ku Michesi mu 1991. Anthu anagona m'makalasi, minda inakokoloka, mbuzi zinapita. Tonse tinalira. Koma madzi ataphwa, njala italowa m'nyumba, mabanja ena anayang'ana mwana wamkazi ngati thumba la chimanga lomaliza. Ndikupatseni umboni umene ndinauona ndi maso angawa, dzina sinditchula, mudzi sinditchula. Mtsikana wa zaka 14, woimba bwino m'kwaya ya achinyamata, anangosowa m'tchalitchi. Nditafunsa anandiuza kuti wapita kukathandiza azakhali. Patapita miyezi ndinakumana naye pamsika, wamanga chitenje m'chifuwa, mimba ili apo, akugulitsa tomato wa bambo amene msinkhu wake ndi wofanana ndi ine. Anandigwadira kuti abusa mwaswera bwanji, maso ali pansi. Chithunzi chake palibe anachitumiza pa gulu la mpingo. Palibe analemba kuti moto utsike. Amalume ake, mwini mbumba, analandira kangachepe n'kukhala chete.

Mwana ameneyu naye anavekedwa chovala chosakhala chake. Kamnyamata ka ku Disney madzulo kamavula diresi, kusamba, kukagona kwa amayi ake. Chimene tinamuveka mtsikana uyu sichivulika.

Ndipo poti mwati nkhawa yanu ili pa anyamata, tiyeni tikambe za anyamata. Mukuopa kuti diresi imulanda mnyamata umuna wake. Nanga anyamata athu kuno chikuwalanda ubwana wawo ndi chiyani? Wa zaka 11 ali ku Nyanja ya Chilwa kukoka makoka ndi akuluakulu, sukulu anasiyira Sitandade 4. Wina wawoloka malire kukagwira ganyu m'minda ya ku Mozambique. Wina ali pa kabaza, miyendo yosafika bwino pa mapedulo. Wina tsiku lonse ali mu video show, madzulo walawa kale kachasu. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, koma mwana ali kudimba Lachiwiri m'mawa ndipo ife timadutsa n'kumuyamikira kuti ndi wolimbikira. Ena akangotuluka ku chinamwali timawauza kuti tsopano mwakula, ndinu amuna, ndinu akazi, kasaseni fumbi. Sindikunyoza mwambo wonse wa makolo, muli malangizo abwino a ulemu mmenemo. Koma kuuza mwana wa zaka 12 kuti akayese zogonana ndi kumuveka jekete la bambo ake n'kumukankhira mumsewu.

Azibambo, ndili ndi inu. Amene mwakwiya kwambiri pa nkhani ya Disney ndinu, koma ena mwa inu mwana wanu wamwamuna simudziwa ali kalasi yanji. Ena munapita ku Joni, foni muli nayo yodula, mavidiyo mumatumiza tsiku lililonse, koma ya yunifolomu simutumiza. Ena munasiya ana kuchikamwini n'kukayamba banja lina kutsidya kwa mtsinje. Mnyamata amaphunzira umuna poona bambo akudzuka, akugwira ntchito, akupemphera, osamenya mkazi. Mukachoka inu, aphunzira kwa ndani? Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo zidzatipota.

Mukudziwa chifukwa chake kukwiyira Disney kumakoma? N'kwaulere. Disney sakhala mudzi umodzi ndi inu. Sadzakunyanyalani pamaliro. Sapereka chakhumi mumpingo mwathu. Koma bambo amene anakwatira mwana wa zaka 14 uja amakhala benchi yakutsogolo, ndipo pa pepa Sande amaponya yambiri. Amalume aja ndi mkulu wa mpingo penapake. Kudzudzula amenewa kumadula, mwina mpingo uchepa, mwina malata sagulidwa chaka chino. Abusa anzanga, inu amene mumadalitsa maukwati otere mwakabisira n'kumati bola akwatirane kusiyana ndi kuchita chiwerewere, Mateyu 18 mumaiwerenga? Chenjezo la mphero m'khosi lija ndi la aliyense wokhumudwitsa wamng'ono, ndipo silinatchule kuti ndi la azungu okha.

Baibulo lili ndi nkhani ziwiri za mwana ndi chovala zimene ndikufuna mupite nazo. Pa 1 Samueli 17, Sauli anaveka Davide zovala zake za nkhondo. Zinali za mfumu, zamtengo wapatali, koma mnyamatayo analephera kuyenda nazo mpaka anazivula. Pa 1 Samueli 2, Hana chaka ndi chaka ankasokera Samueli kamwinjiro n'kumupititsira ku Silo. Chaka ndi chaka, chifukwa mwana amakula ndipo mayi ankadziwa msinkhu wake. Kulera ndi kumeneko: kudziwa msinkhu wa mwana n'kumupatsa zomuyenera. Velo pa mtsikana wa Sitandade 6 ndi chovala cha Sauli. Makoka m'manja mwa mnyamata wa zaka 11 ndi chovala cha Sauli. Chovala cha Hana pa msinkhu umenewu ndi yunifolomu.

Choncho mumpingo uno zinthu ziyenda motere, ndipo ndalemba poyera kuti mudzandigwire nazo pakamwa. Ukwati wongoyerekeza wa ana kulibe, ndalama za malata tipeza njira ina. Ukwati uliwonse, onse awiri abwere ndi chiphaso cha unzika, ndione ndekha kuti zaka 18 zakwana. Mukamva kuti mwana akukwatitsidwa, uzani amfumu, pitani ku ofesi yosamalira anthu pa Boma pano kapena ku Victim Support ku polisi, kapena imbani nambala yaulere ya 116. Mukaopa kupita nokha, bwerani tipitire limodzi. Mtsikana amene anabereka, boma limalola kuti abwerere kusukulu, ndipo amayi a mumpingo timulerere mwanayo masana m'malo momunena. Bambo aliyense sabata ino apite kusukulu ya mwana wake akafunse aphunzitsi mmene akuchitira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye mukapeza mnyamata pamsika nthawi ya sukulu, mufunseni, musangodutsa.

Data imene mumathera potumiza mavidiyo a ana a eni, sabata ino gulani nayo makope awiri ndi cholembera mupatse mwana wa pafupi nanu. Vidiyo ija ikakufikaninso, pemphererani kamwanako ndi makolo ake, kenako ifufuteni.

Atate wakumwamba, tipatseni maso oona ana amene ali pakhomo pathu, ndi kulimba mtima kolankhula ngakhale wolakwayo ndi mbale wathu. Tetezani atsikana ndi anyamata a Phalombe, akule pa nthawi yake. M'dzina la Yesu.

Amene wamva alembe Amen, ndipo uthengawu autumize kwa amalume ake.