Ngongole yobisira mnzako wa m'banja

Pano timaphunzira kukumba maenje nthawi yacilimwe, kupanga manyowa, kusinthasintha mbewu ndi kusamala ziweto. Koma palibe phunziro limene limakonzekeretsa mlimi za usiku umene mwana wadwala mwakayakaya, m'nyumba mulibe ngakhale ngwee imodzi, ndipo cimanga cikadali ngaiyaye m'munda. M'kuona kwanga, zimene mlimi amacita mbandakuca wa usiku wotere zimawononga mabanja kuposa mbozi za m'cimanga.

Njira yake tonse tiidziwa. Munthu amalawirira kwa wobwereketsa kaloba, natenga K500 kuti adzabweze K750 mwezi ukatha. Akalephera, ciwongoladzanja cimaberekanso cinzake. Ena amapatsidwa ndalama mu Januwale kuti adzabweze matumba pokolola, pamtengo wogwirizana njala ili pakhosi. Kumeneko ndi kugulitsa munda usanace.

Sindikudzudzula wobwereka. Mwana akamaphupha ndi malungo palibe kholo limene limakhala pansi kuwerengera ciwongoladzanja. Cimene ndikutsutsa ndi cimene cimatsatira: kubisa. Bambo abwerera kunyumba nanena kuti mnzake wamuthandiza, nkhani nithera pomwepo. Mayi apitiriza kuyang'ana munda ndi mtima wokhazikika, poganiza kuti cakudya cidzafika mpaka Febuluwale. Tsono mu Juni ngolo yacilendo iima pakhomo, mwini ndalama natsika ndi matumba opanda kanthu. Tsiku limenelo banja limataya zinthu ziwiri, ndipo cimanga ndico cocepa pa ziwirizo. Cimanga cimalimidwanso caka camawa, koma mayi amene wamvera ngongole ya mwamuna wake pakamwa pa mlendo, ana ndi anansi akuonerera, sadzakhulupiriranso msanga mawu akuti zonse zili bwino. Amayi nawonso si oyera pankhaniyi. Alipo amene amatapa tini imodzi lero, ina mawa, kuti alipire cilimba cimene amuna awo sacidziwa.

Wina adzati za m'nyumba siziulutsidwa, ndipo mwamuna wodandaula amasanduka nkhani ya pacitsime. Pali coonadi pamenepo. Mudzi uli ndi makutu aatali, ndipo si aliyense wokumwetulira amene angakusungire cinsinsi. Koma kusauza mudzi ndi kwina, kusauza amene mumadya naye m'mbale imodzi ndi kwinanso. Akulu anati cetecete sautsa nyama. Ayambe kumva ndi mnzanu wa m'banja, tsiku lomwelo. Pambuyo pake sankhani munthu mmodzi kapena awiri ougwira mtima: nkhoswe, mkulu wa mpingo, kapena mnzanu amene munaphunzira naye kuno. N'zomvetsa cisoni kuti ankhoswe timawaitana mbale zitasweka kale, pamene nchito yawo ikadapepuka akadamva nkhani ikadali yaing'ono.

Kumbukirani cilala ca 2024. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka, ndipo panalibe amene anacita manyazi kunena kuti nkhokwe yake ili mbee, cifukwa ya mnzake inalinso cimodzimodzi. Anthu anauzana kumene kukupezeka ufa, nagawana kocepa komweko. Vuto lolemera kwambiri ndi la caka ca zokolola zabwino, pamene anzako onse akuseka ndipo iwe wekha ukudziwa kuti theka la matumba ako ndi la eni ake.

Ngati muli kale m'ngongole, musadikire ngolo. Pitani nokha kwa mwini ndalama, awiriwiri ngati n'kotheka, mukagwirizane za tsiku ndi kuculuka kwa zobweza, ndipo zilembedwe papepala pamaso pa mboni kapena anyakwawa. Wobwereketsa amauma mtima kwambiri kwa munthu amene akumuthawa.

Pokolola, khalani pansi nonse awiri musanagulitse ngakhale meda imodzi. Mayi ndiye adziwa matini amene amapita kucigayo pamwezi. Kuwerengera kuyambire pamenepo, kufikira mwezi wa zokolola zina. Matumba a cakudya athiridwe mankhwala a anankafumbwe ndi kuikidwa padera. Kenaka patulani ndalama ya feteleza ndi mbewu, ndi ya ana a sukulu, pakuti ngakhale maphunziro ndi aulere kuyambira 2022, yunifomu ndi makope sizigwa kumwamba. Zotsalazo ndizo zogulitsa. Amalonda oyenda ndi sikelo amafika mu Meyi ndi Juni, mtengo uli pansi, cifukwa adziwa kuti a FRA amadikira cimanga ciume kufika pa 12.5 peresenti ndipo malipiro awo nthawi zina amacedwa. Mlimi amene ngongole ili pakhosi sangathe kudikira, ndipo cimanga comweco amadzacigulanso mu Januwale pamtengo wokwera. Banki ya m'mudzi nayo ndi ngongole ndithu, isakupusitseni, koma phindu lake limabwerera kwa inu nomwe pogawana, ndipo mabuku ake amawerengedwa poyera.

Pali mbali ina imene sitikonda kuichula. Munthu wosenza yekha nkhawa amasowa tulo, amaleka kudya, amayamba kuswera kukacasu, ndipo ena amafika poganiza zodzicotsera moyo. Ife alimi timagona ndi poizoni m'nyumba: mankhwala a thonje, a udzu, a m'dimba. Mukaona mwamuna wanu, mkazi wanu kapena mnzanu wasintha cotero, mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zimenezo. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Mankhwala onse atsekeredwe, kiyi asunge munthu wina, ndipo musamusiye yekha usiku umenewo. Kukaca mupite naye kucipatala ca pafupi, mukauze anamwino zonse monga zilili.