Bele la silikoni si la kubisa kwa wopima mtima

Amai ena akacotsedwa bele cifukwa ca khansa amaikidwa la silikoni. Kunyumba timasunga cinsinsi, ndipo n'zomveka. Koma manyazi amenewa timawanyamula mpaka m'cipatala, pomwe angavulaze munthu.

Mankhwala ena a khansa ya m'mabele, monga doxorubicin ndi trastuzumab, amatha kufooketsa mtima. N'cifukwa cake adokotala amaupima mobwerezabwereza. Manje silikoni, makamaka ya kumanzere, imakhala pomwe makina a echo afunika kuonera, cithunzi n'kutuluka cosaoneka bwino. Pa sikani ya SPECT imacita mthunzi, mbali yakutsogolo ya mtima n'kuoneka ngati sikulandira magazi okwanira pamene ili bwinobwino. Tangoganizani amai anu akuuzidwa kuti mtima wadwala, mwina n'kuwaimitsa mankhwala, cifukwa ca mthunzi cabe!

Ife amene timaperekeza amai kapena aanti, tiziwalimbikitsa kunena asanagone pa bedi lopimira. Wopima akadziwa, angaonere pansi pa nthiti kapena kupempha MRI. Nawonso a cipatala azifunsa okha, mwakacetecete, osati pakati pa anthu pamzere.